Miimba Yabwerera ku Liwonde

Kunja kukungocha kumene. Nkhungu idakali pamwamba pa mtsinje wa Shire, ndipo mvuu zikubwerera m'madzi. Tsidya la Machinga, m'nkhalango ya Liwonde, miimba yakhala phee m'mitengo, kudikira kuti dzuwa litenthe isanauluke.

Zaka zapitazo mbalamezi zinkasowa kuno. Nyama zolusa zambiri zinali zitatha, misampha ya waya ili ponseponse, ndipo miimba inalibe zotsala zoti idye. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, misampha masauzande ambiri inachotsedwa. Mu 2017 akakwiyo anabwera kuchokera ku South Africa, mikango inatsatira mu 2018. Pasanapite nthawi, miimba inayamba kutera pa nyama zomwe zilombozi zasiya.

Lero ofufuza amaika zizindikiro pamapiko a ina mwa miimbayi kuti adziwe kumene imapita. Ntchitoyi ndi yofunika, chifukwa miimba imadya nyama zakufa zisanawole n'kufalitsa matenda.

Koma mpanda wa nkhalangoyi suitchinga miimbayi. Imauluka mpaka kumidzi ya Balaka, kumene nyama imodzi yothiridwa poizoni ingaphe miimba yambiri tsiku limodzi. Abale, chiweto chikafa, musachithire mankhwala.