Uthenga Umene Umatsala Pakhoma

Mpingo ukatulutsa masipika panja n'kumati ukulalikira dera lonse, kwa munthu wa kuseri kwa mpanda kumafika chiyani? Funsoli ndi la chipembedzo, koma theka la yankho lili ndi akatswiri oyeza phokoso.

Mawu amayenda mumpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Mawu a besi, aja ogunda pachifuwa, funde lawo limodzi limatalika mamita atatu kapena kuposerapo, choncho mpanda wa njerwa amangoulumpha, n'kukhota pangodya ya nyumba osafooka kwenikweni. Timawu tosongoka monga "s", "f" ndi "ts", tomwe timasiyanitsa liwu ndi linzake, mafunde ake ndi a masentimita ochepa chabe. Tikakumana ndi khoma, tambiri timathera pomwepo. Mu 1968 Zyun-iti Maekawa wa ku Japan anasindikiza tchati chosonyeza mmene chotchinga chimachepetsera phokoso. Lero kompyuta imapatsidwa nyumba iliyonse ndi msinkhu wake, mtundu wa nthaka ndi mphepo, n'kujambula mapu a phokoso. Mizinda ikuluikulu ya mu European Union imakakamizidwa kukhala ndi mapu oterewa ndi lamulo la 2002.

Ine mapu anga ndi bedi langa ku Chilomoni. Lachisanu kukakhala mapemphero ochezera, pakati pa ine ndi abusa pamakhala nyumba ziwiri ndi mpanda. Chondipeza ndi gitala ya besi, ng'oma, ndi liwu la munthu amene mtima wamuyaka. Galasi la zenera limanjenjemera mufelemu. Koma ngati akunena za Yona kapena za chakhumi, sindidziwa. M'nyengo yozizira ya Juni zimanyanya, chifukwa usiku mpweya wapansi umazizira kuposa wapamwamba, ndipo mawu amene akanathawira kumwamba amapindikira pansi, n'kukagwera pamakomo akutali.

Kupemphera mokweza sindidana nako, ndinakulira m'kwaya. Chondivuta n'chakuti ife Akhristu timati chikhulupiriro chimalowera m'khutu, pomwe khoma limasefa ulaliki ngati sefa wa ufa: tanthauzo limatsalira mkati, kunja kumatuluka mphamvu yokha. Ndipo mphamvu yopanda mawu sinena za Mulungu aliyense. Bala ya kumsika ikatsegula nyimbo zake, ndimaisiyanitsa ndi tchalitchi poona mbali imene kugundako kukuchokera basi.

Akale ankazidziwa izi opanda kompyuta. Bilal ku Medina ankakwera padenga la nyumba yaitali poitanira Asilamu ku swala, kuti liwu lidutse pamwamba pa makoma. Belu la tchalitchi nalonso limapachikidwa pansanja, ndipo silidzitama kuti likulalikira. Limangoti bwerani, kenaka limakhala chete. Amene wabwera ndiye amamva uthengawo, maso ndi maso.

Mkulu wa mpingo wina, titakumana pachigayo ndipo nditawauza zimenezi, anandiyankha kuti, "Achimwene, Mzimu safuna chilolezo cha khoma. Alipo amene anatembenuka atangotsata ng'oma." Sindinawatsutse, zimachitikadi. Komatu munthuyo anachita kunyamuka, n'kulowa, n'kumva mawu. Ng'omayo inagwira ntchito ya belu, ntchito yosafuna usiku wonse. Ndinawapempha kuti tsiku lina adzaime pakhonde panga cha m'ma 2 koloko usiku, andiuze vesi limene likuwerengedwa. Anaseka, n'kunena kuti komiti ikusonkha ndalama zogulira ampulifaya yaikulu.