Mmisiri wa Miyala ndi Maliro a Ambuye

Abale okondedwa a ku Phalombe, inu amene mupenya matanthwe a Michesi tsiku ndi tsiku, tamverani za wosema miyala wa ku Italy, dzina lace Michelangelo, wobadwa caka ca 1475. Iyeyu anasema katatu nkhani imodzi: mtembo wa Ambuye Yesu atautsitsa pamtanda.

Cifanizo coyamba anacisema akali mnyamata, m'zaka za 1498 ndi 1499. Mwini nchito anali Kardinala wa ku France, Jean de Bilhères, amene anapangana naye ndalama zagolidi 450. Anatenga mwala woyera ku Carrara, nausalaza bwino lomwe: Maria ali khale, Mwana wace wakufa ali pamiyendo pace. Ndipo analemba dzina lace pa lamba wopingasa pacifuwa ca Mariayo, kuti onse adziwe dzanja locita ici. Tisamdzudzule msanga, ndani mwa ife, atamanga nkhokwe yokoma, safuna kuti odutsa afunse za womangayo? Cifanizoco cikali ku Roma, m'nyumba ya Mulungu ya Petro Woyera.

Pambuyo pace anatumikira Apapa zaka zambiri. Julius II anamlembetsa zithunzi padenga la Sistine kuyambira 1508 kufikira 1512. Izo tizidumphe lero.

Atakalamba, monga caka ca 1547, anayamba caciwiri, wopanda womtuma kapena womlipira, pakuti anafuna ciime pamanda ace. Apa sanalembe dzina. Koma kumbuyo kwa mtembo anaimika nkhalamba Nikodemo, uja anadza kwa Yesu usiku, nabweranso ndi zonunkhira tsiku la maliro (Yohane 3 ndi 19). Ndipo nkhope ya Nikodemoyo ndiyo nkhope ya mmisiri mwini. Iye amene kale anafuna kuchuka, tsopano angopempha malo pakati pa adzukulu, kumene kuli thukuta ndi kulemera kwa mtembo, ndi kumene satama munthu. Koma mtima wace sunakhute. Caka ca 1555 anaciphwanya ndi nyundo, nacileka. Ena anacilumikiza, ndipo ciri ku Florence.

Cacitatu ciri ku Milan. Mwala wace ngwokakala, matupi ngoonda. Maria aimirira kumbuyo kwa Mwana wace, ndipo woyang'ana sazindikira msanga ngati mai agwiriza Mwana, kapena Mwana abereka mai. Nkhalambayo inagogodabe mwala umenewu kufikira masiku owerengeka isanafe. Inamwalira pa 18 February 1564, ya zaka 88, nchito isanathe.