Penti ndi Mng'alu

Nyumba ikatsala pang'ono kugulitsidwa imalandira ulemu umene sinauonepo pa zaka zonse zimene eni ake akhalamo. Chitseko chimene chinkatsekedwa ndi mwala chimapeza loko watsopano, mpopi wodontha umasinthidwa, udzu wa kuseri umatchetchedwa. Nzochititsa manyazi pang'ono kuti banja limapirira zoterezi zaka zambirimbiri kenaka nkuzikonzera mlendo, koma mlandu weniweni umabadwa pa tsiku lolongedza. Zithunzi zikatsitsidwa, mabuku akalowa m'makatoni, kabati ya zovala ikasunthidwa, khoma limaonetsa chimene linkasunga: mng'alu wochokera pa zenera kutsikira ku maziko. Mmisiri amauyang'ana nanena kuti simenti pang'ono ndi penti zikwanira, pofika mawa palibe adzauone. Kodi mwini nyumba akavomera, wakonza kapena wanama?

Chichewa chili ndi aneni atatu amene amakumana pa khoma limeneli. Kukonza kumasintha chinthu chenichenicho. Kukometsa kumasintha maonekedwe ake. Kubisa kumasintha zimene munthu wina akudziwa. Vuto nlakuti ntchito zitatuzi zimagwiridwa ndi burashi imodzi, ndipo woonerera sangazisiyanitse. Chimene chimazisiyanitsa ndi kaphatikizo kakang'ono ka -er-, kamene kamasandutsa kukonza kukhala kukonzera ndipo kamakakamiza wolankhula kutchula wopindula. Wina amakonzera munthu amene adzagone m'nyumbamo. Wina amakonzera ola limodzi limene wogula adzayendere zipinda.

Funsoli ndi lakale. M'chaka cha 44 Khristu asanabadwe, Cicero wa ku Rome adalikambirana m'gawo lachitatu la buku lake lotchedwa De Officiis. Adapereka chitsanzo cha munthu wogulitsa nyumba yodwalitsa anthu, ya mitengo yosalimba, pamene zilemazo akuzidziwa iye yekha, ndipo adaika anzeru awiri kuti atsutsane. Diogenes wa ku Babylon ankati kukhala chete si kunama, pakuti wogula sanakakamizidwe ndipo ali ndi maso ake. Wophunzira wake, Antipater wa ku Tarsus, ankati kulekerera munthu kuti agwe m'dzenje limene iwe ukuliona nkoipa kuposa kukana kulozera njira munthu wosochera. Cicero adagwirizana ndi Antipater, natchulanso mlandu wa Claudius Centumalus, amene adalamulidwa ndi ansembe oombeza kuti agumule mbali ya nyumba yake pa phiri la Caelius. Iye adathamangira kuigulitsa osanena za lamulolo, ndipo woweruza adamulamula kubwezera wogula zimene adataya.

Komabe Diogenes sayenera kuthamangitsidwa msanga. Aliyense amene adagulapo mbuzi pa msika akudziwa kuti malonda ali ndi mwambo wake: wogulitsa amatamanda, wogula amanyoza, mtengo nkupezeka pakati. Palibe amayembekezera kuti mwini mbuzi ayambe ndi kuwerenga zilema zake. Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, adapereka chitsanzo cha kavalo wa diso limodzi: chilema chotere chili poyera, motero wogulitsa alibe udindo wochilengeza, malinga atsitse mtengo moyenera. Chobisika chimene chingavulaze wogula kapena kumutayitsa chuma ndicho chiyenera kuululidwa.

Tsono nyumba si mbuzi. Mbuzi imadziwika m'mphindi zochepa, pamene nyumba imadziwika ikazungulira chaka. Munthu woiona mu Seputembala, kunja kuli gwa, sangadziwe zimene imachita mu Januwale: kuti malata amadontha pamwamba pa bedi, kuti madzi a mumsewu amalowera pa khonde, kuti dzenje la zonyansa limasefukira. Nyumba yomangidwa pa dothi la makande kapena m'mphepete mwa dambo imayenda ndi nyengo, chifukwa dothilo limafufuma likamwa madzi nkunyala likauma, ndipo mng'alu womatidwa m'chilimwe umatsegukanso dzinja likadutsa. Chiswe nachonso chimadya thabwa m'kati nkusiya khungu. Chidziwitso cha mtundu umenewu sichipezeka ndi maso akuthwa. Chili ndi yekhayo amene adagonamo mvula ikugwa.

Apa ndi pamene mfundo ya Diogenes imathera. Iye ankateteza munthu wongokhala chete, koma womata mng'alu sanakhale chete. Watenga chilema chimene chinali poyera, chonga diso la kavalo uja, nkuchisandutsa chobisika. Khoma lopakidwa kumene limalankhula, ndipo wogula amamva kuti pano palibe vuto. Anthu ambiri amaganiza kuti bodza limafuna mawu, nchifukwa chake amadzitonthoza kuti sanafunsidwe. Koma akale adatcha mkuyu chikomekome, m'kati muli nyerere, ngakhale mkuyu sunatsegulepo pakamwa. Kusiyana kwake nkwakuti mkuyu sudzipaka wokha.

Malamulo adafika pafupi ndi mfundo yomweyi. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe mapangano ambiri a malonda a nyumba amakhala ndi mawu akuti voetstoots, kutanthauza kuti chinthu chagulidwa monga chilili, koma makhoti saalola kuteteza munthu amene adadziwa chilema nachibisa dala pofuna kunyenga. Kuyambira mu 2022, wogulitsa nyumba kudzera mwa ejenti ku South Africa amayenera kulemba pa fomu zilema zimene akuzidziwa.

Kuulula kuli ndi mtengo wake, ndipo si bwino kunamizira kuti kulibe. Wogulitsa nthawi zambiri ndi munthu wopuma pa ntchito amene akubwerera kumudzi, kapena mayi wamasiye wofuna fizi ya ana, ndipo nyumbayo ndiyo chuma chake chonse. Akanena za mng'alu mtengo utsika, mwina wogula athawa. Koma ndalama imene akuopa kutaya sinali yake. Inali mtengo wa khoma lolimba limene iye alibe. Wogula nayenso kawirikawiri wasonkhanitsa zonse za moyo wake, kapena watenga ngongole ku banki imene adzakhala akubweza mng'alu utatseguka kale. Penti payokha ilibe mlandu. Munthu apake, asese, adzale maluwa, kenaka aime pa khomapo ndi wogula nkunena kuti apa tidamata, ndipo mvula ikachuluka pamatseguka.

Zovuta kwambiri ndi zilema zimene sizili m'makoma. Mkangano wa malire ndi mnansi uyenera kunenedwa, pakuti wogula adzaulowa tsiku lomwelo alandire makiyi. Chimodzimodzinso ngati pali m'bale amene akuti nyumbayo ndi ya masiye ndipo sanavomereze kuti igulitsidwe. Nanga mphekesera zakuti mnansi wa kumtunda ndi mfiti? Apa wogulitsa ali ndi chifukwa chokhalira chete, ndipo chifukwacho sichokhudza thumba lake: akazinena, wagulitsa mbiri ya munthu wachitatu amene sali nawo pa malondawo, ndipo amene adzapitiriza kukhala pa mpanda womwewo galimoto la katundu litanyamuka.