SOPO WOTSALA NDI MITANGA 12

Kuwerenga: Yohane 6:1-13, Luka 16:10-12

Nkhani ya Yesu kudyetsa anthu 5,000 timaidziwa kuyambira ku Sande Sukulu. Koma kawirikawiri timaimira pa chozizwitsa, n'kuiwala zimene zinachitika anthu atakhuta. Ambuye analamula ophunzira kuti atole zotsala zonse, ndipo zinadzaza mitanga 12. Iye amene akanatha kuchulukitsanso buledi mawa lake sanalole kuti zotsalazo zisiyidwe pa udzu. Tsono ngati mwini zonse anasamala zotsala, nanga ife amene timadikira malipiro a pamwezi?

Manyazi a mlendo

Pamene bambo a kunyumba anapeza ntchito kuno ku Lusaka, tinachoka ku Malawi n'kudzakhala ku Avondale, m'nyumba ya matailosi ndi chimbudzi cha madzi. Tsiku lina ndinacheza kwa mnzanga ku Kabulonga, ndipo ndinaona mabotolo ali ndandanda: la mawindo, la pansi, la m'bafa, la fungo lokoma. Ndinakumbukira mwambi uja wakuti ukapeza eni mudzi akukazinga maso, nawenso kazinga ako. Kumapeto kwa mwezi ndinagula onsewo, poopa kuti anzanga anganene kuti mayi wa ku Malawi ndi wauve.

Sabata yomweyo mayi anga anaimba foni kupempha thandizo la feteleza. Ndinawayankha kuti, "Amayi, pepani, mwezi uno zavuta." Nditatsegula kabati madzulo ake, mtima unanditsutsa. Mabotolo ena anali osatsegula n'komwe. Zimene ndinagulazo sizinali za ukhondo ayi, koma zofuna kuti anthu anditame. Pa Mateyu 23:25-26 Yesu anadzudzula Afarisi chifukwa chotsuka chikho kunja kokha. Nyumba yanga inali kununkhira, koma m'kati mwanga munali kunyada.

Kutola makombo m'nyumba zathu

Pa Luka 16 Ambuye akutiphunzitsa kuti kukhulupirika kumayesedwa pa zinthu zazing'ono. Sopo ndi chinthu chaching'ono, koma timamugwira tsiku lililonse. Nazi zina zimene ndinakumbutsidwa ndi amayi achikulire a m'Chigwirizano.

Poyamba, mtanda wa sopo tiziudula m'zidutswa ndi kuuika pamalo ouma kwa masabata angapo tisanayambe kugwiritsa ntchito. Sopo wouma sasungunuka msanga. Tisamusiyenso m'madzi pochapa. Tizidutswa totsala tizisunga m'botolo, n'kuthiramo madzi otentha. Tikasungunuka timatsukira mbale.

Chachiwiri, sopo wa ufa kapena Boom tiziyeza ndi kachikho kapena supuni, osati kungokhuthula. Thovu lambiri silitanthauza kuti zovala zayera, limangotha madzi potsukuluza. Zovala zakuda kwambiri tiziyamba taziviika. Ana ndi otithandiza ntchito tiwaonetse muyeso mwachikondi, osati mokalipa.

Chachitatu, phulusa la pa mbaula limene timataya ndi lomwe agogo athu ankakwechera mapoto mpaka kuwala. Soda wophikira amachotsa fungo m'furiji ndi litsiro la m'sinki. Viniga kapena mandimu amasungunula zoyera zija zimene madzi a pa mjigo amasiya m'ketulo ndi pampopi. Dzuwa nalo limayeretsa nsalu zoyera kwaulere.

Chachinayi, madzi otsukuluzira zovala tizikolopera pakhonde kapena kuthira m'chimbudzi. Malaya akutha ndiwo chikolopa.

Chachisanu, tizigula pamodzi. Amayi anayi kapena asanu akasonkha ndalama, monga timachitira pa chilimba, angathe kukapikula katoni ya sopo ku Kamwala n'kugawana. Mtengo wa mtanda umodzi umatsika kusiyana ndi kugula umodziumodzi pa kantemba.

Kusamala si umbombo

Tikumbukire kuti Yesu anayamba wadyetsa anthu mpaka kukhuta, kenaka n'kutolera zotsala. Sanamane munthu kuti mitanga idzaze. Ifenso tisamane banja ukhondo m'dzina la kusunga ndalama. Tonse tikukumbukira kolera imene inabuka mu Lusaka mu Okutobala 2023 mpaka kulowa mu 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Sopo wosambira m'manja ndi kolorini wothira m'madzi akumwa sizinthu zoumira nazo. Siyani botolo la fungo lokoma, koma izi zisasowe pakhomo.

Chenjezo lina: musasakanize Jik ndi viniga, mandimu kapena mankhwala ena otsukira m'chimbudzi. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya woipa umene umawononga mapapo. Sungunulani Jik ndi madzi okha monga kwalembedwera pa botolo, ndipo konzani wokwanira tsiku limenelo, pakuti akagona amachepa mphamvu. Musamuikenso m'botolo la zakumwa pamene mwana angafikire.

Mitanga ija ndi ya yani?

Mayi wina angafunse kuti, "Kodi ndalama ya sopo ingasinthe chiyani?" Makolo anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndalama ya Malawi itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu kumudzi anakwera mtengo, ndipo ife okhala kunja mafoni opempha thandizo anatichulukira. Ndalama imene ndinasiya kumwaza pa mabotolo ndinayamba kuiika padera mwezi ndi mwezi, ndipo dzinja lotsatira mayi anga sindinawabweze chimanjamanja.

Koma mitanga si ya abale athu okha. Pa Yeremiya 29:4-7 Mulungu anauza anthu ake amene anali ku ukapolo ku Babulo kuti afunire zabwino mzinda umene akukhalamo. Tikamapita kukaona odwala ku UTH, kapena kukayendera amasiye a mumpingo mwathu, mtanda umodzi wa sopo umalalikira chikondi cha Khristu momveka. Tisasunge kuti tiunjike. Tisunge kuti tikhale nako kanthu kopatsa.

Mafunso okambirana

1. Ndi zinthu ziti zimene timagula chifukwa choopa maso a anzathu?
2. Kodi nthambi yathu ingayambe bwanji kugula sopo pamodzi?
3. Mwezi uno zimene tapulumutsa tipereka kwa yani?

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, zonse tili nazo ndi zanu. Tikhululukireni pamene tamwaza chifukwa cha kunyada. Tiphunzitseni kukhulupirika pa zazing'ono m'dziko lino limene mwatiikamo. Yeretsani mitima yathu ndi mwazi wa Mwana wanu, kuti manja athu akhale otumikira ena. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.