Kodi Uthenga wa pa Foni Ukuitana Yani?

Pali kanthu kamene tiyenera kukasinkhasinkha pamodzi mwezi uno. Ana athu ambiri a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka akhala tsopano m'mudzi waukulu wa Lilongwe, ena ku Kawale, ena ku Area 25, ena kwa Chinsapo. Iwowa amasonkhana m'magulu a pa WhatsApp monga mwa kwawo ndi monga mwa miphakati yawo. Munthu wa kuno akatumizidwa ku chipatala cha Kamuzu Central, mbiri yake imawapeza galimoto isanafike. Ichi ndi chinthu chokoma, ndipo makolo athu akadachiona akadayamika Mulungu.

Koma taonani chimene chimachitika. Uthengawo ukagwa m'gulu, anthu ochuluka amayankha msangamsanga, wina ndi kachithunzi ka manja opemphera, wina ndi mawu akuti Ambuye amukhudze. Dzuwa limalowa, ndipo mayi wodikirira wodwalayo akhala yekha panja, alibe nkhuni, alibe ufa, sadziwa njira ya kumsika. Palibe amene anakana kupita. Yense anayesa kuti mnzake wapita kale.

Tsono funso ndi ili: kodi pamenepa wachimwa ndani? Ena ati palibe, pakuti palibe amene anatumidwa. Ine nditi mlandu wagona pomwepo. Kale mthenga ankafika pakhomo pa munthu, nakhala pansi, namutchula dzina. Ndipo womvayo analibe pobisala. Uthenga wa pa foni ulibe khomo. Umaitana onse, ndipo mtima wa munthu uli wochenjera kudzichotsa pa mawu akuti onse. Wansembe ndi Mlevi a m'fanizo la Msamariya anachita kulambalala ndi miyendo yawo, maso akuona. Ife tikhoza kulambalala ndi chala chimodzi, tili gone pamphasa, mtima osatitsutsa konse.

Sindikunyoza ndalama zotumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Mnyamata wa ku Johannesburg sangauluke. Zimene watumizazo ndizo mapazi ake, ndipo zimagula ufa weniweni. Koma wa ku Kawale, amene minibasi imodzi ingamufikitse, asadziyese kuti ali ku Johannesburg. Ndalama sizitembenuza wodwala pakama, sizimva zimene dokotala wanena, sizikhala chete pambali pa munthu wamantha.

Ife a kuno tiyenera kuzindikira izi koposa ena. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ndipo mu 1927 anatsegula malo osamalira odwala khate. Odwalawo, amene ambiri ankaopa kuwayandikira, zilonda zawo zinkatsukidwa ndi manja a anthu, tsiku ndi tsiku. Ntchito imeneyo sikadatheka ndi mafuno abwino ochokera kutali.

Chifukwa chake ndipempha atsogoleri a magulu aja kuti abwezere uthenga khomo lake. Mbiri ya matenda ikafika, asalekere pa kuifalitsa. Atchule maina: uje apite Lolemba ndi ndiwo, uje Lachiwiri ndi makala, uje alandire ndalama za akutali nawerenge poyera mmene zayendera. Amene walephera anene msanga kuti wina alowe m'malo mwake. Ndipo wopitayo akabwerako alembe m'gulumo zimene zikusowabe, kaya ndi sopo, kaya ndi chitenje, kaya ndi munthu wogona pamenepo usiku umodzi kuti mayi uja akapume.