Walira Mvula Walira Matope

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mlimi wa ku Bvumbwe wolakalaka ng'ombe ya Jersey yodzaza ndowa aumvetse mwambiwu, pakuti ng'ombe yamkaka wambiri, makamaka yoswa kachitatu kapena kuposerapo, ndiyo imagwa ndi matenda a milk fever. Mkaka woyamba umakoka kashiamu m'magazi, ndipo pasanathe masiku 3 chiswereni ng'ombe imanjenjemera, kudzandira, kenako n'kugona khosi litapindikira kunthiti. Dzina la matendawa n'lonyenga: thupi silitentha, makutu amachita kuzizira.

Ng'ombe ikagwa chonchi, itsamiritseni ndi matumba igonere chifuwa, ingatupe mimba. Musaimwetse kanthu ikalephera kudzuka, ingatsamwe. Thamangirani alangizi a ziweto adzaibaye kashiamu mumtsempha pang'onopang'ono, chifukwa kupupuluma kumaimitsa mtima. Chodabwitsa n'chakuti kuidyetsa kashiamu wambiri isanaswe ndiko kumaitana matopewo.