Fodya wa Pamphuno

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Akulu ankatanthauza kuti chako chenicheni ndi chimene uli nacho kale. Choyembekezera chimatha kuuluzika usanachigwire.

Mwambiwu umandikumbutsa za Dzaleka, m'boma la Dowa. Malowa anali ndende nthawi ya Kamuzu, ndipo kuyambira 1994 amasunga anthu othawa nkhondo. Kumeneko kunafika Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes La Plume, kuchokera ku Congo. Othawa kwawo saloledwa kungotuluka mumsasa kukalembedwa ntchito, ndiye ambiri amangodikira tsiku lopita kunja, zaka n'kumatha. Koma Trésor anayang'ana chimene anali nacho: pakamwa pa ndakatulo ndi luso losonkhanitsa anthu. Mu 2014 anayambitsa chikondwerero cha Tumaini. Alendo anayamba kukwera mapiri a Dowa kudzaonera magule ndi nyimbo, amayi amumsasa n'kumagulitsa zakudya, mabanja ena n'kumagoneka alendo m'nyumba zawo.

Zimandiwawa kuona mnyamata wa ku Mponela kapena ku Malomo, wodziwa kukonza njinga yamoto kapena kumezanitsa mitengo ya zipatso, akudzitcha lova chifukwa kalata yofunsira ntchito ku Lilongwe sinayankhidwe. Manja ake amawaona ngati achabe, maso ali ku Joni.

Achinyamata inu, dzifunseni chimene anansi amabwera kudzakupemphani kuti muwachitire. Chiphunzireni bwino, muike mtengo wake, muyambe nacho sabata ino.